Pepala la Mtendere la a Mbewe

A Mbewe tinawaika m'manda Loweruka lapitali ku Chaneng, mudzi wa pafupi ndi Rustenburg, ndipo tinalipo anthu asanu ndi anayi, kuwerengera ndi okumba manda omwe. Munthu amene kwa zaka makumi atatu ankayendetsa maliro a Mmalawi aliyense wofera m'migodi ino, pa maliro ake panasowa ngakhale woyambitsa nyimbo. Anandipempha kuti ndinene mawu pamanda. Ndinakana. Ndikanati chiyani? Kuti anali munthu wabwino? Anali wabwino ndithu, kuposa aliyense amene ndakumana naye ku Joni kuno. Koma ubwino wawo womwewo ndi umene unaphetsa mnzanga Che Amidu zaka zitatu zapitazo, ndipo zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikudikira kuti pakamwa pawo patuluke liwu limodzi lokha, loti ndinalakwa. Ndiye poti pamanda ndinatseka pakamwa, ndilembe pano.

Ndinawadziwa tsiku lomwe ndinafika. Masiku amenewo, pakati pa zaka za m'ma 1990, tinkabwera ambiri kudzafuna maganyu kwa makontirakitala a m'migodi. Aliyense wotsika tekisi ku Rustenburg ali ndi kachikwama ka pulasitiki ndi nkhope ya njala ankauzidwa chimodzimodzi, kuti apite kukomponi, kogona antchito a mgodi, akafunse madala wa nyale. A Mbewe anali atagwira pansi zaka zambiri, kuyendetsa winchi, mpaka khutu lamanzere linafa ndi phokoso la makina obowola miyala. Kenako anawakweza pamwamba kuti azipereka nyale kwa otsika mumgodi. Kwawo ku Ntcheu anachokako ali mnyamata, mkazi wawo anakwatiwa kwina, iwo n'kukhala mtchona wotheratu. Chichewa chawo chinali chakale, cha agogo athu, chothiridwa Chifanakalo, chiyankhulo cha m'migodi, ngati mchere. Akakana chinthu sankati ayi, ankati aikona, ndipo pamenepo nkhani yatha.

Moni wawo unali wotopetsa, ngati wa kalaliki wa kuboma. Ukati ndine wa ku Dedza, sankakhutira. Dedza yake iti? Mudzi wa ndani? Mfumu yaikulu ndani? Kenako ankatulutsa buku lakuda lachikuto cholimba, kunyambita chala, n'kulemba zonsezo m'mizere yake: dzina, mudzi, mfumu, boma. Tinkawaseka, koma bukulo linali ndi ntchito. Munthu akaphwanyidwa ndi mwala, a Mbewe okha ndiwo ankadziwa kolembera kalata. Ankakonda kunena kuti kufa sikoopsa, choopsa ndi kufa popanda wodziwa kwanu.

Mpeni uliwonse wolowa m'chipinda mwawo ankauthyola nsonga ndi pulayala. Ine wanga, watsopano, umene ndinagula ku Lilongwe ponyamuka, anauthyola ndikuona, osapepesa n'komwe. Ndinapsa mtima mlungu wathunthu. Chifukwa chake ndinachimva patapita chaka, ndipo anandiuza kamodzi kokha, akupukuta nsapato, osandiyang'ana. Ali mnyamata ku migodi ya golide kunabuka nkhondo ya mitundu m'komponi, iwo anatola paipi yachitsulo n'kumenya nayo munthu m'mutu. Sanadziwe dzina lake, sanadziwe ngati anadzukanso. Chiyambire tsiku limenelo analumbira pamaso pa Mulungu kuti sadzagwiranso chida. Lumbiro lawolo analisandutsa lamulo la tonsefe. Lamulungu lililonse, pansi pa mtengo wa kuseri kwa buloko yathu, ulaliki unali womwewo: Mkhristu sagwira chida, ngakhale podziteteza, ndipo saima kumbali ya ogwira zida. Wina akawathina ndi mafunso, ankangomutembenuzira khutu lakufa lija, uku akumwetulira.

Wowathina wamkulu anali Che Amidu. Anali wa ku Mangochi, Msilamu, wamtali, woseka ndi thupi lonse. Iye anafika kale ife tisanabwere, nthawi imene Mmalawi sankalembedwanso ntchito ya mgodi, ndiye analowa mozemba. Anakwatira mkazi wa ku Chaneng, Mmapula, ndipo achibale a mkaziyo anamupezera chitupa cha kuno. Pachitupa anali Kagiso. Pantchito anali Kagiso. Chitswana ankachilankhula bwino moti eni akewo sankamukayikira, mpaka anamusankha kukhala m'komiti ya ogwira ntchito. Dzina loti Amidu linkamveka pakati pa ife tokha, chitseko chili chotseka, ndi m'buku lakuda lija. Anali ndi ana awiri aakazi amene sankadziwa n'komwe kuti ku Mangochi ndi kuti.

Mapemphero akatha Amidu ankabwera kudzamwa tiyi ndi kudzakangana. Ankawauza a Mbewe pamaso kuti mtendere wawowo abwana amaukonda kwambiri, chifukwa munthu woimba pansi pa mtengo savuta. Ankawakumbutsa kuti kale ankagona pa simenti ndipo lero akugona pa matiresi, koma matiresiwo sanabwere ndi nyimbo, anabwera ndi anthu amene anathyoledwa nthiti. A Mbewe ankayankha kuti iwo anaonapo nkhondo zitatu za m'komponi, anasambitsa mitembo ya mbali zonse, ndipo palibe mtembo umene unawauzapo kuti unafera chilungamo. Amidu ankaseka, n'kuwathirira tiyi wina. Iye ankawatcha Madala, iwo ankamutcha mwana wanga. Ankakondana anthu amenewa, musaganize zina.

Nkhondo itafika, inafika ngati sitiraka wamba. Kenako ogwira ntchito anagawikana pawiri, a bungwe lakale loimira antchito ndi a gulu latsopano, ndipo mbali iliyonse inkati inzakeyo yagulidwa. Amuna anayamba kuyenda atafunda mabulangete dzuwa likuswa mtengo, mkati muli zibonga ndi nthungo zosongoledwa kuchokera ku zitsulo za mumgodi. Gulu lalikulu linkasonkhana pa kaphiri ka miyala kuseri kwa shafuti, dzenje lolowera mumgodi, linalo linagwira geti ya komponi. Apolisi ankabwera zonse zitatha, kudzanyamula. Ife Amalawi tinathinidwa pakati. Ukapita kuntchito, a pakaphiri ankakutcha gundane, ndiko kuti khoswe, ndipo khoswe ankaphedwa. Ukakhala osapita, kontirakitala ankakuchotsa, ndipo wochotsedwa analibe bedi m'komponi. Ukati uthawe, pageti ankakufunsa kumene ukupita ndi amene wakutuma. Tinkangokhala m'buloko, amuna aakulu, kumvetsera mapazi.

Amidu anatizembera tsiku lina m'mawa n'kutipatsa malangizo ake. Anati chinthu chimodzi chokha chingatipulumutse, ndicho kusaoneka. Aliyense atole kandodo, akwere kaphiri payekhapayekha, aime kumbuyo, asalankhule Chichewa, akaimba nyimbo azigwedeza milomo. Anati iye ndi anzake awiri m'komiti akuyesetsa kuziziritsa atsogoleri amoto, ndipo akufuna milungu iwiri yokha. Anatipempha kuti tisachite chilichonse monga gulu.

A Mbewe anati aikona. Anati kunyamula ndodo monamizira ndi bodza, ndipo bodza logwira ndodo limathera pomenya nayo. Anati Mulungu sanatiike pakati kuti tibisale koma kuti tionekere. Maganizo awo anali oti tilembe pepala lolumbira kuti ife sitili mbali iliyonse, sitigwira chida, ndipo tikupempha mbali zonse zitule zida. Timange nsalu yoyera pamkono, tikapereke pepalalo masana, poyera, kwa atsogoleri a pakaphiri, kwa a pageti, ndi kwa manijala wa komponi.

"Madala," anatero Amidu, "pempherani mmene mungathere, ine ndidzakuthandizani ndi Chiarabu. Koma musalembe dzina la munthu."

"Pepala lopanda mayina ndi la amantha, mwana wanga."

"Ndiye langa lisakhalepo."

A Mbewe anamutembenuzira khutu lamanzere.

Ine ndinasaina, ndisanamize munthu. Ndinali nditatopa ndi mantha, ndipo pepalalo linkaoneka ngati khomo. Tinasaina ambiri, Akhristu ndi Asilamu omwe, ena ndi chala. A Mbewe anakhala pansi n'kukopera mapepala atatu ndi dzanja lawo lokongola lija. Analemba monga ankalembera nthawi zonse, monga timalembera kwathu m'kaundula wa mpingo ndi pa kalata ya maliro: dzina, mudzi, mfumu, boma. Sanaganizepo kawiri. Kwa iwo dzina lopanda mudzi silinali dzina. Palibe mmodzi wa ife amene anaona cholakwika, chifukwa tonse tinakula tikulembedwa choncho. Chimene sitinadziwe n'chakuti pansi penipeni anawonjezera mzere umodzi. Analemba Amidu, mudzi wake, mfumu yake, Mangochi, kenako n'kuwonjezera kuti pantchito amadziwika kuti Kagiso, ndi nambala yake. Anachita zimenezi pofuna kumuteteza. Ankati mbali ya pageti ikadzagwira Kagiso wa m'komiti, idzaone kuti ndi munthu wamtendere, imusiye.

Tsiku lokwera kaphiri sindidzaliiwala, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti linali lokongola. Nkhalamba ya zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, jekete ya Lamulungu, nsalu yoyera pamkono, ili patsogolo, ife kumbuyo tikuimba. Mnyamata wina wofunda bulangete anawaika nthungo pachifuwa. Iwo anavula chipewa, kumupatsa moni ngati akumana kumsika, n'kupitirira, nthungoyo ikukanda jekete. Khamu linatseguka. Mtsogoleri wa pakaphiri analandira pepalalo ndi manja awiri, kulipinda, kuliika m'thumba osaliwerenga. Tinatsika amoyo tonse. Ine ndinalira ndi chimwemwe, ndinati zoona Mulungu ali ndi munthu uyu.

M'mawa mwake manijala anakhoma pepala lake pa bolodi, pafupi ndi kheji yotsikira mumgodi. Pamwamba analembapo ndi inki yofiira kuti awa ndiwo antchito abwino osankha mtendere, ena onse atengere chitsanzo. Nkhani itafika pakaphiri, mtsogoleri uja anapisa m'thumba. Zotsatirazi ndinauzidwa ndi munthu wina wa mtundu wa Ashangani amene ndinkagwira naye ntchito, yemwe analipo. Pepala linawerengedwa pa chimkuzamawu monga mndandanda wa makoswe. Dzina lililonse, mudzi, boma, khamu n'kumabuula. Amidu anali chiimire kutsogolo pamodzi ndi a komiti, asakudziwa kanthu. Kenako anamva dzina limene mayi ake anamupatsa likutuluka m'chitsulo chija, ndi mudzi wake, ndi nambala yake. Akuti sanathawe. Anayamba kufotokoza m'Chitswana chake chabwino chija, koma tsopano Chitswanacho ndicho chinali umboni woti ndi kazitape.

Anamupeza atafa masana omwewo m'mbali mwa njanji, panjira yopita kokwerera matekisi. Anzake a ku Mangochi anamusambitsa n'kumuika tsiku lotsatira, mwachangu monga mwa mwambo wawo. A Mbewe anafika atavala nsalu yoyera ija. Palibe amene anawathamangitsa, palibenso amene anawapatsa fosholo.

Zinatsatirazo zinabwera motsatizana. Manijala anapereka pepala kwa apolisi, ndipo apolisi sanavutike n'komwe kufufuza kuti wobwera ndani, popeza tinali titadzilemba tokha mpaka mfumu. Anaima pakhomo la buloko kuitana mayina ngati mphunzitsi m'kalasi, anthu n'kumakwera lole yowabweza kwathu. Amene anali ndi zitupa zogula analandidwa. Ine ndinapulumuka chifukwa ndinali kuchipatala ndi chala chophwanyika, ndipo ndinakabisala ku Bapong miyezi itatu m'kachipinda ka malata kopanda zenera. Pakaphiri, anzake awiri a Amidu aja anachotsedwa m'komiti, kuti anabisa kazitape, ndipo anatsala ndi amoto okhaokha. Milungu iwiri imene Amidu ankapempha inasanduka miyezi. Anthu anafa ambiri pambuyo pa pepalalo kuposa lisanalembedwe. Nkhondo itatha, mbali ziwirizo zinagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, kuti wobwera asadzakhalenso m'komiti kapena kukweza mkono pamsonkhano. Mpaka lero tikamakambidwa, timamvera pawindo. Abusa a m'tauni, amene sanapondepo m'komponi nthawi yonse ya nkhondo, anaitana a Mbewe kumsonkhano wa mtendere n'kuwapatsa chikalata cha m'galasi. Sindinachione chitapachikidwa paliponse.

Nditabwerako ku Bapong ndinapita molunjika kunyale. Ndinawapeza akupukuta magalasi a nyale imodziimodzi. Ndinaima kumanja kwawo, kumene kunali khutu lamoyo, ndipo ndinawalankhula mmene mwana wa munthu sayenera kulankhulira wamkulu. Ndinati anaika moyo wa mnzawo pa guwa limene mnzawoyo analikana. Ndinati kulimba mtima kwawo kunali kotchipa, chifukwa nkhalamba yovula chipewa palibe amene amaipha, amapha wotsala m'mbuyo. Ndinati ankafuna manja oyera, ndipo anawapeza, koma anawasambira m'magazi a Amidu. Anandimvetsera mpaka ndinatha. Kenako anati pepalalo linalibe bodza ngakhale limodzi, oipa anali oliwerenga. Ndinatuluka. Ndikanakhala ndi mpeni wansonga tsiku limenelo, kaya.

Pansi pa mtengo panatha anthu. Otsalafe tinkawalambalala, obwera kumene tinkawachenjeza kuti asamuuze madala wa nyale kwawo. Atapuma pantchito tinkaganiza kuti apita ku Ntcheu, koma akanapita bwanji? Theka la okwezedwa lole linali la kwawo konko, anthu amene anabwerera ndi malaya a pathupi okha, ndipo makalata amene ankachokera kumeneko sanali a moni. Ku Joni kuno ankatchedwa khoswe wa manijala, kwawo ankatchedwa wogulitsa abale. Anachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Chaneng, n'kumakhala momwemo ndi chifuwa chawo cha mumgodi. Ine ndinkapitako mwa apo ndi apo, kukawasiyira buledi ndi shuga, osakhala pansi. Musandifunse chifukwa chake. Munthu amene anakulandira ulibe pogona sumusiya afe ndi njala, ngakhale ukumuda.

Atagonekedwa kuchipatala, ndinawapeza thupi litatha, mapaipi ali m'mphuno. Inali nthawi yoonera odwala masana, pabedi lina achibale akudyetsa munthu wawo phala. Ndinakoka mpando kumanja kwawo. Ndinawauza kuti sindinabwere kudzakangana, ndabwera kudzapempha. Ndinati Amidu anawauza kuti dzina lake lisakhalepo, ine ndinamva ndi makutu anga, ndipo ngati anganene liwu limodzi lokha ndikalipereka kwa Mmapula ndi ana.

Mpweya unalira m'chifuwa mwawo.

"Ndikati ndinalakwa," anatero, "iwe mawa ukagula mkondo. Ukauza anzako kuti ngakhale Mbewe anavomera kuti mtendere ndi uchitsiru."

"Sindikunena za mtendere, bambo. Ndikunena za dzina limodzi."

"Ndikudziwa limene ukunena."

Misozi inatsikira m'khutu mwawo. Ndinadikira. Namwino anabwera kudzati nthawi yatha, ndipo ndinapempha mphindi zina, anandipatsa. A Mbewe anangoyang'ana kudenga. Anamwalira patapita masiku awiri.

Titachoka kumanda Loweruka lija ndinadzera kwa Mmapula, chifukwa ndinaona kuti ayenera kumva za imfayo kwa ine. Nyumba yake ili kumapeto kwa msewu wafumbi, yozingidwa ndi waya, geti yake yachitsulo. Sanandilowetse. Anatuluka akupukuta manja, n'kuima mkati mwa geti. Tinalankhula m'Chitswana changa chothyokathyoka. Anati wamva kale. Kenako anafunsa ngati a Mbewe ananena kuti analakwa.

Ndinaganiza zonama. Zikanamuthandiza, mwina zikanandithandiza ndi ine. Koma ndinati ayi, mayi, sananene.

Anagwedeza mutu, n'kuloza pansi, kunja kwa waya, kumanzere kwa geti. Panali kamalo kakang'ono ngati thireyi, kopanda udzu, dothi lake lolimba ngati pakhonde popondedwa. Anandiuza zimene palibe wa ife ankadziwa. Lamulungu lililonse chiphedwere mwamuna wake, dzuwa likapendeka, nkhalambayo inkafika n'kuima pamenepo, chipewa chili m'manja. Mvula, mphepo, chifuwa chikuikoka, inkaima pafupifupi ola, osagogoda, osaitana, osakhala pansi, kenako n'kuvala chipewa n'kumapita. Iye ankaiona pa katani. Ana poyamba ankaopa, kenako anazolowera, ankangoilambalala popita kogula buledi.

Ndinamufunsa ngati anatulukapo tsiku lina.

"Ndinkadikira kuti agogode," anatero. "Akanangogogoda kamodzi, ndikanatsegula."

Analowa m'nyumba, ine ndinatsala kunja. Dzulo, Lamulungu, ndinadutsanso kumeneko dzuwa litapendeka, ngakhale sinali njira yanga. Mvula yayamba kuno, ndipo udzu wa m'mbali mwa waya wakula mpaka m'akakolo, koma kamalo kaja kadakali kouma, zidendene ziwiri zikuonekabe pamene dothi linalowa. Nkhuku ya oyandikana nawo inali kupalasa pamenepo osapeza kanthu. Geti inali yokoweka ndi waya wokha, yopanda loko. Pawindo, katani anali atakokedwa pang'ono mbali imodzi, ndipo munthu anali ataima kuseri kwake.